Chiphaso cha Takisi Si Katundu Wamalonda

Pa ntchito zonse zimene zimathandiza kuti mzinda waukulu uziyenda bwino, ndi zochepa zimene anthu amazidalira kwambiri koma nkumaziiwala msanga monga ntchito ya woyendetsa takisi. Mlendo akatsika ndege pakati pa usiku, mayi akayamba kudwala mbandakucha, kapena mkulu wa muofesi akachedwa kumsonkhano, onsewa amaima m'mbali mwa msewu ali ndi chikhulupiriro chakuti pali munthu wina amene sadagone, amene akudziwa njira, ndiponso amene akawafikitsa bwino kumene akupita. Akatsika ndi kulipira, nkhope ya munthu uja saikumbukiranso. Komatu wogwira chiwongolerocho ndi kholo la ana, ali ndi lendi yoti alipire, fizi yoti apereke, ndipo kawirikawiri ali ndi ngongole imene imamusowetsa tulo.

Lero tifuna kukamba za anthu amenewa poyang'ana zimene zidawaonekera mumzinda wa New York, m'dziko la America, pakati pa zaka za 2004 ndi 2021, ndi kuziyerekeza ndi za mumzinda wa London, ku Mangalande. Nkhaniyi ndi yakutali, koma phunziro lake likukhudza aliyense amene adapatsidwa udindo wosaina chiphaso m'dzina la boma. Mfundo yathu ndi imodzi. Chiphaso choyendetsera takisi ndi chida chimene boma limasungira mwambo pamsewu ndi kutetezera anthu ake. Boma likaiwala zimenezi nkuyamba kuchiona ngati munda wokololamo ndalama, amene amasenza mtolo wake ndi munthu wamng'ono kwambiri pa onse okhudzidwa, ndiye dalaivala.

Tiyambe ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Mwa madalaivala khumi alionse a matakisi achikasu a ku New York, asanu ndi anayi adabadwira kunja kwa America, ambiri a iwo ku Bangladesh, Pakistan, India, Haiti, Egypt ndi Ghana. Ena kwao adali aphunzitsi kapena akalaliki a m'maofesi, koma atafika kumeneko mapepala awo a sukulu sadawathandize, ndipo khomo limene adalipeza lotseguka lidali la takisi. Kwa zaka zambiri mwambo wa ntchitoyi udali wakuti galimoto imodzi iziyendetsedwa ndi anthu awiri, wina usana wina usiku, aliyense maola 12, nkumasinthana cha m'ma 5 koloko m'mawa ndi madzulo. Maola onsewo munthu ali chikhalire pampando umodzi, chakudya amadyera m'galimoto momwemo, ndipo ngakhale malo odzithandizira amawasowa. Msana umawawa, miyendo imatupa. Kumbuyo kwake kumakhala munthu wosamudziwa, mwina waulemu, mwina woledzera, mwinanso wachifwamba, nchifukwa chake matakisi ambiri adaikidwa chotchinga pakati pa woyendetsa ndi wokwera.

Nanga malipiro ake? Chisanafike chaka cha 1979, madalaivala ambiri adali antchito a makampani. Ankalandira pafupifupi theka la ndalama zimene mita yawerenga, ndipo kudzera m'bungwe lawo ankakhala ndi tchuthi ndi penshoni. M'chaka chimenecho mzinda udalola eni matakisi kumabwereketsa magalimoto awo kwa madalaivala pa mtengo woikika. Kuyambira pamenepo dalaivala adayamba kupita kugalaja, kukalipira lendi, imene pambuyo pake idapitirira madola 100, kuti atenge galimoto ya tsikulo, nagulanso mafuta ndi ndalama zake. Motero tsiku amaliyamba ali kale ndi ngongole. Maola oyamba amagwirira mwini galimoto, otsatira amagwirira wogulitsa mafuta, ndipo za banja lake zimayamba kulowa thupi litatopa kale. Chipale chikagwa, msewu ukadzaza kapena okwera akasowa, mwini galaja zake walandira kale, pamene dalaivala amabwerera kunyumba chimanjamanja. Akadwala palibe amene amamulipira, popeza pamaso pa lamulo iye si wantchito wa munthu aliyense.

Munthu wokhala m'moyo wotere amakhala ndi khumbo limodzi, lakuti tsiku lina adzakhale ndi takisi yakeyake. Koma ku New York kugula galimoto kokha sikukwanira. Takisi yololedwa kunyamula munthu woimika dzanja pamsewu wa pakati pa mzinda iyenera kukhala ndi kachitsulo ka nambala kokhomedwa pa boneti, kamene eni ake amakatcha medallion. Kachitsulo kameneka ndiko chiphaso, ndipo mbiri yake njoyenera kuidziwa.

Pa nthawi ya umphawi waukulu umene udagwa ku America kuyambira mu 1929, amuna zikwizikwi ochotsedwa ntchito adathamangira kuyendetsa takisi. Matakisi adachuluka kuposa okwera, madalaivala ankalimbirana munthu mmodzi, mitengo idagwa, ndipo mu 1934 kudachitika sitalaka yaikulu imene idabala zipolowe m'misewu. Pofuna kubwezeretsa bata, mu 1937 mfumu ya mzindawo, a Fiorello La Guardia, adasaina lamulo lotchedwa Haas Act, limene lidaika malire pa chiwerengero cha matakisi. Chiphaso chimodzi chinkagulidwa madola 10 okha. Patapita zaka zingapo chiwerengero chidakhazikika pa 11,787, ndipo chidakhala pomwepo mpaka mu 1996. Cholinga cha lamuloli chidali chabwino, chakuti wogwira ntchito azipeza chokwanira ndipo msewu usadzaze. Koma lidasiya mpata umodzi, wakuti mwini chiphaso angathe kuchigulitsa kwa wina pa mtengo umene agwirizana.

Popeza anthu ofuna ziphaso ankachuluka pamene ziphasozo sizinkachuluka, mtengo wake udayamba kukwera pang'onopang'ono. Kwa mibadwo iwiri zinthu zidayenda ndithu. Dalaivala wakhama ankasunga ndalama, nkubwereka zotsalazo, nkugula chiphaso chake. Akatha kubweza ngongole ankagula nyumba ndi kuphunzitsa ana ake mpaka kukoleji, ndipo akakalamba ankabwereketsa chiphasocho kwa wachinyamata, ndalama za lendi nkukhala penshoni yake. Pofika mu 2002 chiphaso chimodzi chinkagulidwa pafupifupi madola 200,000. Idali ndalama yambiri, koma yoti munthu wogwira ntchito molimbika akadatha kuibweza.

Zinthu zidasintha pamene mzinda weniweniwo udalowa m'malondawo. A Michael Bloomberg adakhala mfumu ya mzinda mu 2002, pa nthawi imene thumba la mzindawo lidali litaperewera kwambiri chifukwa cha chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001. Kuyambira mu 2004 mpaka mu 2014, mzinda udagulitsa ziphaso zatsopano pa okushoni, mpaka chiwerengero chidafika pa 13,587, ndipo udapeza madola opitirira 850 miliyoni. Ndalamazi zidaphatikizapo msonkho wa 5 peresenti umene unkadula pa chiphaso chilichonse chogulitsidwa. Bungwe la Taxi and Limousine Commission, limene lidakhazikitsidwa mu 1971 kuti liziyang'anira ntchitoyi, ndilo linkaitanira malondawo ndi kuuza madalaivala kuti chiphaso ndi chuma chosaguga. Mu 2011 ziphaso ziwiri zidagulidwa madola 1 miliyoni chilichonse, ndipo pofika mu 2014 mtengo udapitirira pamenepo. M'zaka zonsezi ndalama zimene takisi imodzi inkapeza pa tsiku sizidakwere molingana ndi mtengowo. Wogwira ntchito wina m'bungwelo adalemba lipoti lochenjeza za ngoziyo, koma silidalabadiridwe. Mlonda amene akupindula ndi kukwera kwa mtengo sakuwa akaona moto.

Kodi dalaivala wopeza ndalama zochepa akadagula bwanji chinthu cha madola 1 miliyoni? Yankho lake lidaululidwa mu 2019 ndi nyuzipepala ya New York Times, m'nkhani zimene adalemba a Brian Rosenthal, zimene zidawapezetsa mphoto ya Pulitzer mu 2020. Kafukufukuyo adaonetsa kuti amkhalapakati, mabanki ndi mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama ankapereka ngongole zazikulu kwa madalaivala osayang'ana nkomwe ngati angathe kubweza. Ngongole zina zidali zoti munthu azilipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Zina zidali zoti pakatha zaka zochepa ndalama yonse ibwezedwe kamodzi, kotero kuti wobwereka ankakakamizika kubwerekanso ndi kulipiranso ndalama zolembetsera. Ena adasainitsidwa mapepala ovomereza kulandidwa katundu popanda kuzengedwa mlandu. Ambiri mwa osainawo Chingerezi ankachimva movutikira, ndipo adalibe loya wowawerengera. Eni ziphaso zambiri ankagulanso ziphaso pa mitengo yokwera dala pofuna kukweza mtengo wa zimene adali nazo kale. Kuno kwathu malonda otere tili nalo dzina lake, timati katapira, ndipo kuvala suti kwa wobwereketsa sikusintha dzinalo.

Aphunzitsi a masamu angathe kuonetsa vutoli pa bolodi m'mphindi zochepa. Tiyerekeze kuti munthu wabwereka madola 700,000 pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pa chaka. Chiwongoladzanja chokha ndi madola 35,000 pa chaka, kapena pafupifupi madola 2,900 pa mwezi. Ndalama imeneyi ayenera kuipeza asanagule mafuta, asanalipire inshuwalansi, asanakonzetse galimoto, ndiponso asanagule ufa wa ana ake, ndipo akailipira ngongole yeniyeniyo imakhala isanachepe ndi dola imodzi yomwe. Samu imeneyi mwana wa Sitandade 8 angaithe. Akuluakulu a mabanki ndi a mzinda adaidziwa bwino lomwe. Amene sadauzidwe ndi amene ankasaina, amene adakopeka ndi mtengo womakwera chaka ndi chaka. Akulu akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyumba yomangidwa pa maziko otere inkangodikira mphepo, ndipo mphepoyo idabwera kudzera pa foni ya m'manja. Kampani ya Uber idayamba ntchito ku New York mu 2011, ndipo ya Lyft idatsatira mu 2014. Magalimoto awo saimikidwa ndi dzanja pamsewu koma amaitanidwa pa foni, motero adalembetsedwa m'gulu lina limene lidalibe malire a chiwerengero ndipo silinkafuna kachitsulo kaja. Mzinda umene udagulitsa ziphaso pouza ogula kuti chiwerengero nchotetezedwa ndi lamulo, udatsegula khomo lina pambali. Mu 2015 a Bill de Blasio, amene adalowa m'malo mwa a Bloomberg, adayesa kuika malire pa magalimoto atsopanowo koma adabwerera m'mbuyo atakumana ndi mphamvu za kampaniyo. Pofika mu 2018 magalimoto oitanidwa pa foni adapitirira 80,000. Maulendo a matakisi achikasu, amene mu 2012 ankayandikira theka la miliyoni pa tsiku, adatsika ndi theka pofika mu 2019. Mtengo wa chiphaso udagwa kufika pansi pa madola 200,000, koma ngongole sidagwe nawo. Munthu adatsala ndi ngongole ya madola theka la miliyoni kapena kuposerapo pa chinthu chimene sakadatha kuchigulitsa ngakhale pa theka la ndalamayo.

Zotsatira zake nzomvetsa chisoni. Eni ziphaso opitirira 950 adakalengeza kubwalo la milandu kuti alephereratu kubweza ngongole zawo. Ena adataya nyumba zimene adaziika chikole. Okalamba amene ankati apumula adabwerera pa chiwongolero. M'miyezi ya pakati pa kumapeto kwa 2017 ndi kumapeto kwa 2018, madalaivala osachepera asanu ndi atatu adadzipha, atatu mwa iwo eni ziphaso, ndipo mmodzi adachitira zimenezi pa chipata cha likulu la khonsolo ya mzinda mu Febuluwale 2018. Obwereketsa enanso adagwa, monga bungwe la Melrose Credit Union limene boma lidalilanda mu 2017 nkulitseka mu 2018. Mu Febuluwale 2020 mkulu woona za malamulo m'chigawo cha New York, mayi Letitia James, adalengeza kuti afuna kusumira mzindawo madola 810 miliyoni pa chifukwa chokweza mitengo ya ziphaso mwachinyengo, ngakhale kuti mlanduwo sudapitirire.

Maliro aja ndiwo adadzutsa khonsolo. Mu Ogasiti 2018 idaimitsa kupereka ziphaso zatsopano kwa magalimoto oitanidwa pa foni, ndipo idalamula kuti madalaivala awo azikhala ndi malipiro osatsikirapo, amene adaikidwa pa madola 17.22 pa ola kuyambira mu Febuluwale 2019. Lamuloli lidaonetsa kuti nawonso madalaivala a makampani atsopanowo sadali pabwino, pakuti ambiri adagula magalimoto pa ngongole nkupeza kuti akulimbirana okwera ndi anzawo zikwi makumi ambiri, monga momwe zidalili mu 1934. Koma kwa eni ziphaso madzi adali atatayika kale, ndipo mliri wa COVID-19 utafika mu 2020 misewu idati zii, pamene makalata a ngongole sadaleke kubwera.

Chimene chidawapulumutsa ndi umodzi wawo. Bungwe lawo la New York Taxi Workers Alliance, limene lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo limatsogozedwa ndi mayi Bhairavi Desai, lidamanga msasa kunja kwa likulu la khonsolo mu Sepitembala 2021, usana ndi usiku. Pa 20 Okutobala ena a iwo adayamba kusala chakudya, ndipo adapirira masiku 15. Pa 3 Novembala 2021 padachitika mgwirizano pakati pa mzinda, bungwelo, ndi kampani ya Marblegate imene idagula ngongole zambiri za madalaivalawo. Mgwirizanowo udati ngongole iliyonse idulidwe kuti isapitirire madola 170,000, zolipira pa mwezi zisapitirire madola 1,122, ndipo mzinda udavomera kuimira wolephera kubweza kuti asalandidwe nyumba. M'zaka zotsatira ngongole zopitirira madola 400 miliyoni zidafafanizidwa. Mmodzi mwa amene adasala nawo chakudya adali phungu wachinyamata wobadwira ku Kampala, a Zohran Mamdani, amene mu Novembala 2025 adasankhidwa kukhala mfumu ya mzindawo. Madalaivala aja sadaphwanye sitolo kapena kuotcha galimoto. Adasunga mwambo, adalankhula ndi mawu amodzi, ndipo adamvedwa. Mutu umodzi susenza denga. Komabe nzachisoni kuti chilungamo chidafika ena ali kale m'manda.

Tsopano tione mzinda wina umene udasankha njira yosiyana. Ku London ntchito yonyamula anthu pa malipiro idayamba kuyang'aniridwa ndi lamulo kalekale, m'zaka za m'ma 1600, nthawi ya ngolo za akavalo. Kumeneko palibe malire pa chiwerengero cha madalaivala a matakisi akuda, ndipo chiphaso cha dalaivala sichigulitsidwa, sichibwereketsedwa, sichisiyidwa ngati chuma cha masiye. Chipata chake ndi mayeso otchedwa The Knowledge, amene adayamba mu 1865. Wofuna ntchitoyi ayenera kuloweza pamtima njira 320 zolembedwa m'buku la mayesowo, ndi misewu pafupifupi 25,000 ya m'dera lotalika mamailosi asanu ndi limodzi mbali zonse kuchokera pa Charing Cross, pamodzi ndi zipatala, mahotela, makhoti, masiteshoni ndi nyumba zopemphereramo zopezeka m'menemo. Ophunzira ambiri amayendayenda pa njinga zamoto, mvula ndi dzuwa, kwa zaka zitatu kapena zinayi. Kenaka amaonekera kangapo pamaso pa woyesa, amene amatchula malo awiri, wophunzira nkufotokoza pakamwa njira yachidule, msewu ndi msewu, popanda mapu. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Kulemera kwa maphunziro amenewa kudatsimikizidwa ndi asayansi. Mu 2000 mayi Eleanor Maguire ndi anzawo a pa University College London adajambula ubongo wa madalaivala a matakisi, ndipo adapeza kuti chigawo chothandiza munthu kukumbukira malo ndi njira chidali chachikulu mwa iwo kuposa mwa anthu ena. Kafukufuku wotsatira wa mu 2011 adalondola ophunzira kuyambira pachiyambi, naonetsa kuti chigawocho chidakula mwa amene adakhoza mayeso. Amene amanyoza woyendetsa takisi kuti ndi munthu wolephera sukulu ayenera kuyamba aganizapo pa zimenezi.

Tisanamizane kuti ku London mphepo ija sidaombeko. Uber idafikako mu 2012, ndipo mu Juni 2014 madalaivala a matakisi akuda adatseka misewu ya pafupi ndi Trafalgar Square posonyeza kukwiya kwawo. Foni yolozera njira idachepetsa mtengo wa nzeru zimene munthu adazivutikira zaka zinayi. Madalaivala a matakisi akuda adatsika kuchoka pa 25,000 mu 2014 kufika pansi pa 18,000 mu 2024, pamene a magalimoto oitanidwa adapitirira 100,000. Kuyambira mu 2018 takisi yatsopano iyenera kukhala yotha kuyenda ndi magetsi, ndipo mtengo wake ngwokwera. Bungwe la Transport for London lidakana kawiri kuwonjezera chilolezo cha Uber, mu 2017 ndi mu 2019, pa zifukwa za chitetezo cha okwera, ngakhale kuti makhoti adailola kupitiriza. Mu Febuluwale 2021 bwalo lalikulu la milandu m'dzikolo lidagamula kuti madalaivala a kampaniyo ndi antchito oyenera malipiro osatsikirapo ndi tchuthi cholipidwa. Mavuto alipo ndithu. Koma kusiyana kwake nkwakuti dalaivala wa ku London akasiya ntchito amachoka wopanda ngongole ya chiphaso, chifukwa chiphasocho adachilipira ndi khama lake. Mzinda wake sudamugulitse lonjezo nkudzaliphwanya mawa.

Ena adzati makampani atsopanowo adathandiza anthu wamba, ndipo mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Matakisi achikasu ankaunjikana pakati pa Manhattan ndi m'mabwalo a ndege, nkumanyalanyaza madera a anthu osauka, mpaka mu 2013 mzinda udayambitsa matakisi obiriwira kuti atumikire madera amenewo. Anthu akuda adadandaula kwa zaka zambiri kuti matakisi ankawapitirira ataimika dzanja. Chiphaso chotetezedwa kwambiri chimabala ulesi ndi mwano, ndipo wokwera naye ali ndi ufulu wake. Sitikunena kuti luso latsopano likadaletsedwa. Tikunena kuti boma limodzi silingakhale ndi malamulo awiri pa ntchito imodzi, lina lolipiritsa munthu madola 1 miliyoni, lina lolowetsa mnzake ulere. Ngati nthawi yosintha idakwana, woyenera kusenza gawo lalikulu la mtolowo adali amene adalandira madola 850 miliyoni aja.

Ndipo kusinthako sikudathe. Kuyambira mu 2020 kampani ya Waymo idayamba kunyamula anthu m'magalimoto opanda dalaivala mumzinda wa Phoenix, ndipo mu 2024 idatsegulira anthu onse ntchito yomweyo ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Funso limene lidavuta New York lidzabweranso ndi nkhope ina, ndipo mizinda imene sidaphunzirepo kanthu idzalirapo kachiwiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu kulibe kachitsulo ka madola 1 miliyoni, koma dongosolo lija la mu 1979 tili nalo m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Woyendetsa minibasi, takisi kapena njinga yamoto ya kabaza kawirikawiri amagwirira mwini wake, amene amamuikira ndalama yoti abweretse madzulo alionse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Zotsala pamwamba pa ndalamayo ndizo zake. Munthu wotere amathamangitsa galimoto, amapanikiza okwera, amagwira ntchito ali ndi tulo m'maso, ndipo ngozi ikachitika tonse timatukwana dalaivala osafunsa za mgwirizano umene udamukankhira kumeneko. Achinyamata ambiri agula njinga zamoto pa ngongole nkukapeza kuti pasiteji pali kale anzawo ochuluka kuposa okwera.

Kwa akuluakulu a m'makhonsolo ndi a nthambi yoona za pamsewu, tikuti nkhani ya ku New York ikhale kalilole. Choyamba, ofesi yoyang'anira ntchito isamayese kupambana kwake ndi kuchuluka kwa ndalama zimene yatolera pa ziphaso, chifukwa ikatero imaleka kuona zolakwika. Chachiwiri, chiphaso chiperekedwe kwa munthu amene waonetsa kuti akudziwa ntchito, akudziwa malamulo a pamsewu ndipo ndi wamakhalidwe abwino, ndipo chisapezeke kudzera mwa amkhalapakati oima pa zipata za maofesi. Chachitatu, lamulo likhale limodzi kwa onse onyamula anthu pa malipiro, akale ndi atsopano omwe, ndipo likafuna kusinthidwa, okhudzidwa auzidwe nthawi ikadalipo ndi kufunsidwa maganizo awo. Wantchito wa boma akalemba lipoti lochenjeza, liwerengedwe, ngakhale litakhala losakoma kwa akulu ake.

Kwa aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mwa ana amene ali m'kalasi mwanu lero, ambiri adzapeza chakudya chawo pa chiwongolero, kuno kwathu kapena m'mizinda ya kunja. Aphunzitseni samu ya chiwongoladzanja ndi zitsanzo za m'moyo weniweni, kuti adzathe kufunsa wobwereketsa kuti ndalama yonse yobweza idzakhala zingati. Aphunzitseni kuwerenga pepala mpaka kumapeto asanasaine, ndi kusachita manyazi kunena kuti sadamve. Safunsa adadya phula. Aphunzitseninso kulemekeza ntchito iliyonse yachilungamo, kuti amene adzakhale m'maofesi asadzaone dalaivala ngati munthu wongomudulira lisiti.

Madalaivala nawo akumbukire kuti ulemu wa ntchito yawo uli m'manja mwawo. Galimoto yaukhondo, mtengo woona, kupewa mowa pa ntchito, kubweza katundu woiwalika ndi kulankhula bwino ndi okwera, ndizo zimene zimachititsa anthu kuima nawo pa tsiku la mavuto. Akhale ndi mabungwe olongosoka, osunga mabuku a ndalama moyera, otha kukhala pansi ndi boma ndi eni magalimoto mwaulemu koma mosagwedezeka.

Mzinda uliwonse umapempha zambiri kwa woyendetsa takisi. Umafuna kuti adzuke ena akugona, anyamule mlendo wosamudziwa, asunge moyo wa ana a eni ake ngati wa ana ake omwe. Chimene iye amapempha ndi chochepa, chakuti chiphaso chimene boma lamupatsa chikhale chodalirika, ndi kuti thukuta la maola khumi ndi awiri lifike pakhomo pake. Akuluakulu amene amasaina ziphasozo ndiwo ali ndi mphamvu yokwaniritsa pempho limeneli, ndipo tikhulupirira kuti adzaigwiritsa ntchito mokhulupirika.